Chimanga cha Mayi Awo a Mwale

A Yotamu Mwale tinawaika m'manda Lachinayi lapitali kwawo ku Njombwa. Dzuwa silinatuluke tsiku lonse. Kunali kuja kwa mu Julayi kumene kumwamba kumangotuwa, mphepo n'kumaulutsa fumbi ndi makoko a chimanga, mvula osagwa. Mlaliki anati malemuwa anali munthu wofatsa. Ena tinayang'anana, chifukwa a Mwale sanali ofatsa. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo amene anakanganapo nawo amadziwa kusiyana kwake.

Anali amuna awo a mayi anga aakulu, a Nabanda. Anabwera m'mudzi mwathu ku Lisasadzi kudzakhala chikamwini ine ndisanabadwe. Anakhalamo zaka zoposa makumi anayi, koma mpaka tsiku lochoka anthu ankawatchulabe kuti aja a ku Njombwa. Ine ndinkawaitana kuti abambo, iwo n'kumanditchula dzina langa loti Lute, ngakhale nditakula n'kuyamba ntchito kuchipatala paboma.

Munda waukulu unali wa a Nabanda, monga zimakhalira kwathu. Chimene a Mwale ankachiona ngati chawo chinali kamalo kakuseri kwa nyumba, kotchinga ndi mpanda wa udzu, koti mwana akaponya mwala umagwera kunja. Pakona pake panali chitsime chimene anakumba okha. Kulima zam'dimba anaphunzira ali mnyamata, pamene ankasamalira maluwa ndi ndiwo zamasamba kunyumba za anthu apantchito paboma. Asanapite kumeneko anagwirako utenanti pa esiteti ina ya fodya kwa zaka ziwiri, ndipo anachokako atalumbira kuti tsamba la fodya sadzaligwiranso. Zimene zinawachitikira kumeneko sanatiuzepo.

Mwezi wa Juni ukalowa, kuseriko kunkaoneka ngati kwafa. Matimati ankawauka ndi chisanu, mapapaya n'kuthothoka masamba, nthaka n'kuuma gwa. Kunkangotsala timizere ta mpiru ndi anyezi. Amuna anzawo nthawi imeneyo amakhala m'zigafa kusankha fodya ndi kudinda mabelo, nkhani ili ya ku okushoni yokhayokha. A Mwale ankayala mphasa kumbali ya khoma kosawomba mphepo, atavala chijekete chachitali chimene anapatsidwa ndi bwana wawo wakale, n'kutulutsa zitini, mabotolo ndi zipanda. Ankakhuthula mbewu imodziimodzi palichero: nthanga za maungu, therere, khobwe, nzama, nyemba, bonongwe, tsabola wa kambuzi. Ankauzira phulusa losungiramo, kununkhiza, kuluma imodzi, zoipa n'kuponyera nkhuku. Akatha ankaimirira ndi ndodo n'kumajambula mizere padothi louma, apa maungu, apa therere, apo nyemba. Mphepo inkafufuta, m'mawa mwake n'kujambulanso mosinthako pang'ono.

A Nabanda ankasuzumira pampanda n'kufunsa, "Mwayambapo kulima ndi ndodo? Anzanu akukolola ndalama, inu mukukolola mizere."

Iwo ankangopitiriza kujambula. A Nabanda ankatinong'oneza kuti mwezi wa Juni mwamuna wawo amakwatira mkazi wachiwiri, ndipo mkaziyo amakhala m'chitini.

Mbewu sankapereka mwachisawawa. Munthu akabwera kudzapempha ankayamba amufunsa kumene akabzale, ngati kuli mpanda, ndiponso kumene inapita imene anamupatsa chaka chatha. Wodya dzungu n'kutaya nthanga ankabwerera chimanjamanja, ngakhale akhale mbale. Mphunzitsi wina anachokera paboma pa njinga yamoto kudzafuna therere, anafunsidwa mafunso ola lathunthu ataimirira, n'kupatsidwa njere zisanu. Ndi eni mbuzi ankayambana chaka ndi chaka, chifukwa anthu akakolola mbuzi amazitayirira, ndipo chobiriwira m'mudzi monse chinali cha a Mwale chokha. Mbuzi ya mkulu wina wa mpingo anaimangirira pamtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwini wake atabwera anamupatsa chingwe pamodzi ndi mtolo wa udzu kuti atseke yekha pamene inaboola. Mkuluyo anatseka, koma patchalitchi sanakhalirenso benchi imodzi.

Zonsezi zinali zongoperekeza. Chimene ankasamala koposa chinali chimanga chamakolo chimene mayi awo anawapatsa tsiku lodzalowa chikamwini. Njere zake zinali zazing'ono, zolimba, zowala, zoti posinja mumtondo sizinyenyeka. Dzina lake sitinkalidziwa. Iwo ankangoti cha amayi, ndiye tonse tinkatero, ngakhale mayiwo sitinawaonepo.

Anthu atayamba kubzala chimanga cha m'mapaketi, a Mwale anaona kuti chawo chayamba kusintha. Njere zina zinkatuluka zofewa, zokhala ndi kadzenje pamwamba. Anazindikira kuti mphepo ikunyamula mungu kuchokera m'minda ya anzawo. Ndiye anachichotsa kumunda chimanga cha mbewu n'kuchibweretsa kuseri kwa nyumba, nasinthanso nyengo yake. Ankabzala kumapeto kwa Ogasiti, chisanu chikangotha, n'kumathirira ndi keni m'mawa ndi madzulo, kuti chimasule ngayaye m'mudzi monse mulibe phesi lina lobiriwira. Madimba a anthu anali kutali kudambo, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Pamene mvula inkagwa anzawo n'kuyamba kubzala, cha amayi chinali chitabereka kale chokhachokha. Mu Januwale ankathyola, kufundula makoko, kumanga ziwiriziwiri n'kupachika kudenga la khitchini ya a Nabanda, pamwamba pa moto, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. China chinkapita kumunda ndi mvula kuti chikhale chakudya, koma cha kumundako sankasungako mbewu.

Mizere isanu ndi umodzi imeneyo inali yosakhudza. Tangoganizani mondokwa kuseri kwa nyumba mu Disembala, anthu akudya kamodzi patsiku. Chaka china a Nabanda anathyola ziwiri n'kuwotcha mwamuna wawo ali kumaliro kumudzi wina. Pobwera a Mwale anayenda mumizere, naima pa mapesi awiri aja, ndipo sabata yonse sanayankhule ndi munthu.

"Kodi ine ndinakwatiwa ndi mwamuna kapena mlonda?" ankafunsa a Nabanda mokweza, kuti amve kuseriko.

Makuponi atabwera a Mwale sanawakane. Ankaima pamzere ngati wina aliyense, feteleza ankamufuna, ndipo paketi ya mbewu ankaibzala m'munda wa a Nabanda. Ankavomereza okha kuti imabereka kuposa yawo. Chimene sankachimvetsa n'chakuti munthu afike mu Okutobala m'nyumba mulibe njere ndi imodzi yomwe, akudikira kuti dzina lake litchulidwe pamsonkhano. Chaka china dzina linkatuluka, china osatuluka, china mabanja angapo n'kugawana thumba limodzi. Ankakonda kukumbutsa anthu kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amalume anga a Lingisoni, mlongo wawo wa a Nabanda, amene ankalima fodya weniweni, ankawayankha kuti sanaonepo munthu atagula malata ndi njere za therere. Awiriwa anadana mwaulemu zaka zonsezo, akupatsana moni ndi manja awiri.

A Nabanda anamwalira mu Julayi, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana wawo yekhayo, wamwamuna, anali chikamwini ku Mchinji, ndipo maliro anagona masiku awiri kumudikira. Anthu anabwera ambiri, ufa unatha m'mawa wa tsiku loika. Chimanga m'nyumba chinalimo, koma a Nabanda anali atangochithira mankhwala a anankafumbwe sabata yomwe anadwala, matumba akununkhabe. Adzukulu okumba manda anatumiza mawu kuti nthaka ya mu Julayi ndi thanthwe, sapitiriza kukumba m'mimba mulibe kanthu. Adzukulu sitikangana nawo.

Tinali amayi asanu m'khitchini. Mmodzi anakweza maso kudenga.

"Nanga icho?"

"Imeneyo ndi mbewu ya abambo," anatero mkulu wanga.

"Mbewu masiku ano? Si idzabwera ndi kuponi? Maliro sadikira, amayi."

Ine ndinavomereza. Ndinenso ndinakwera pamtondo kukatsitsa, chifukwa ndinali wamtali pa onse. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa kuti ndi mbewu, koma ndinkaganiza ngati anzangawo kuti mbewu ndi chinthu chimene chimabwera m'paketi mwezi wake ukakwana. Sizinandifikire m'mutu kuti imeneyi inalibe kwina kokaitenga.

Tinakatonolera pabwalo, pakati pa khitchini ndi nyumba. A Mwale anali pakhonde, pamphasa, atafunda bulangete, akuluakulu awiri a mpingo atawakhalira wina uku wina uku. Kuchokera pamene anali kufika pamene tinali ife sipanali patali, akanatha kutiitana osakweza mawu. Koma namfedwa kwathu salamula za chakudya, sadzuka kukayendera zinthu. Ndipo mkamwini amene angatsegule pakamwa pa nkhani ya chimanga mtembo wa mkazi wake uli m'nyumba, mudzi ungamunene mpaka naye adzafe. Anangokhala, akuyang'ana chimanga chilichonse chikutonoledwa. Ndinakweza maso kamodzi, tinaphana maso, ine n'kuwerama kupitiriza. Ndowa inadzaza, inapita kuchigayo pa njinga. Adzukulu anadya, nadandaula kuti ufa ukununkha utsi.

Kumeta kunachitika tsiku lachitatu. M'mawa mwake ndinawapeza a Mwale atagwada pabwalo ndi sefa ya a Nabanda, akusefa dothi. Nkhuku zinali zitadutsamo kale, anthu apondaponda. Anasefa kuyambira pakhomo la khitchini mpaka pamene panali mtondo, kenako anapita kudzala kumene tinataya zitsononkho, n'kumatokosa ndi chikhadabo tinjere totsalira kunsonga.

"Abambo, pepani," ndinatero.

"Tandigwirira chitinichi, Lute."

Pa nkhani imeneyi sanandiuzenso china, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anapeza njere makumi atatu ndi zinayi, naziwerenga kawiri.

Mkazi akamwalira mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, makamaka ngati palibe mwana wamkazi woti amusunge pamalopo. Amalume sanali munthu woipa ndipo sankathamangitsa munthu. Koma chitsime chija anali atachiyang'ana kwa zaka zambiri, chifukwa nazale ya fodya imafesedwa mu Seputembala ndipo imamwa madzi tsiku ndi tsiku. Mbumba inasonkhana pansi pa mtengo wa mango, amalume n'kuyamba.

"Alamu, takhala nanu bwino. Tatumiza mawu ku Njombwa, abale anu adzakutengani mwezi wamawa."

"Ndamva, alamu. Koma ndikupempha mpaka Januwale."

"Miyezi yonseyo? Kudikira chiyani?"

"Chimanga."

"Chimanga chake chiti? Si chija tinadya pamaliro?"

A Mwale anatulutsa kachitini m'thumba la jekete n'kukaika pansi. Wina anaseka. Amalume anagwedeza mutu, nati nkhani ndi ya madzi, chitsime chimodzi sichingamwetse minda iwiri popanda munthu wochiyang'anira, ndipo iwo alibe ganyu wa zimenezo.

"Fesani nazale yanu mbali ya kumadzulo," anatero a Mwale. "Wothirira ndikhala ine."

Panalibe amene sankadziwa za lumbiro lawo losagwiranso fodya. Amalume anavomera akuyang'ana pansi.

A Mwale anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Kuyambira Seputembala mpaka mvula ankatunga madzi ndi chingwe, kuthirira mabedi anayi a fodya, kuzula udzu, kudula nsonga za mbande, akatha n'kupita kukamzere kawo. Pa njere zija zinamera khumi ndi zitatu. Chiswe chinadula zina, mapesi n'kutsala asanu ndi anayi. Poti anali ochepa, atamasula a Mwale ankayenda m'mawa uliwonse kugwedeza ngayaye padzanja n'kuwaza mungu pa ndevu za phesi lililonse. Anathyola zimanga zisanu ndi ziwiri zodzaza bwino. Nazale ya amalume chaka chimenecho inaposa ya aliyense m'mudzi, mpaka anthu ankabwera kudzapempha mbande. Amalume anavomera pagulu kuti ndi manja a alamu awo, ndipo tinaona kuti mawuwo akuwalemera pakamwa.

Mu Januwale inabwera ngolo kuchokera ku Njombwa. Anakwezamo khasu, keni, zitini zawo ndi kathumba ka zovala. Pa zimanga zija anatenga zitatu. Zinayi anazimanga ziwiriziwiri, nakazipachika okha kudenga la khitchini, ife tikuyang'ana: amalume, mkulu wanga amene anatsala pamalowo, ndi ine.

"Izi ndasiya kuno, chifukwa chitsime chili kuno. Chisanu chikatha mubzale kuseriku. Musadikire mvula."

Tonse tinati tamva.

Ku Njombwa anakakhala kwa mphwawo. Kunalibe chitsime, ndipo pamjigo sankalola munthu kutunga madzi othirira. Anakakamizika kubzala zitatu zija ndi mvula, m'mphepete mwa munda wa mphwawoyo, pafupi ndi cha m'paketi. Chaka chachiwiri njere zinatuluka ndi timaenje tija. Chaka chachitatu anathyola chonse chili chachiwisi, nawotcha n'kugawira ana a pakhomopo. Kuyambira pamenepo cha amayi chinatsala pamalo amodzi okha, kudenga la khitchini kwathu.

Ife sitinabzale. Mkulu wanga anamanga nyumba ya njerwa kufupi ndi msewu, ndi khitchini yakeyake. Amalume anali ndi fodya wawo, ine ndinali paboma. Panalinso china chimene sitinkachitchula: chichitikireni zija za pamaliro, panalibe amene ankafuna kuonedwa akutsitsanso chimanga m'khitchini imeneyo. Aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye achite. Juni aliyense a Mwale ankatumiza mawu kudzera mwa aliyense wobwera kuno, funso lake lomwelo, ife n'kuyankha kuti chaka chino sitilephera. Zengerezu adalinda kwaukwau.

A Mwale ndinawaona komaliza mwezi watha, nditawapititsira mankhwala a chifuwa. Ndinawapeza atakhala kumbali ya khoma, m'chijekete chomwe chija, ataonda mpaka manja a jekete akubisa zala. Tinacheza za anthu a kwathu, amene amwalira ndi amene akwatira. Nditatsanzika anandigwira dzanja.

"Lute, cha amayi chija munabzala?"

Anandimvetsa chisoni, ndipo ndinatopa nalo funsolo.

"Tinabzala, abambo. Chinachita bwino."

"Liti?"

"Ndi mvula yoyamba yomwe ija."

Anabwereza mawu angawo akundiyang'ana.

"Ndi mvula."

"Eee, abambo."

"Chabwino."

Anasiya dzanja langa, nandifunsa ngati msewu wa kwathu anaupala chaka chino. Ndinazindikira zimene ndinanena ndili kale m'minibasi. Ngati anandikhulupirira, ndinawauza kuti tinachisakaniza ndi cha m'paketi. Ngati sanandikhulupirire, anadziwa kuti sitinabzale. Sindikudziwa chimene anapita nacho kumanda, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Pochokera kumaliro ndinatsikira ku Lisasadzi, ndinapita kunyumba yakale ija ndisanalonjere aliyense. Mpanda kulibe, patsala mitengo iwiri itatu yopendekeka. Chitsime anachivundikira ndi lata ndi miyala, chikudikira nazale ya mu Seputembala. Pamene pankakhala mizere isanu ndi umodzi amalume anamangapo chigafa, ndipo popeza fodya anapita kale kumsika, munali mbuzi zikubisala mphepo. Mapapaya anagwa. Mtengo wa mango wokha ndiwo unali chimodzimodzi, utayamba maluwa.

Chitseko cha khitchini chinali chomanga ndi waya. M'kati mafuwa atatu anali pamalo pake, koma phulusa panalibe, pakati pawo nkhuku inakonzapo poikira mazira. Moto unali usanayakemo chichokereni a Mwale, fungo la utsi linatha kalekale. Zimanga zinayi zija zinali kudenga, ziwiri uku ziwiri uku, mfundo zake zomwe anamanga iwo.

Ndinasanjikiza njerwa ziwiri n'kutsitsa. Zinali zopepuka ngati makoko okhaokha. Ndinayala chitenje pakhomo pamene panali kuwala, ndinakhala pansi n'kuyamba kutonola. Njere iliyonse inali ndi kabowo, ukaifinya n'kuphwanyika, kutuluka ufa wotuwa. Ndinatonola zonse zinayi, imodziimodzi, mpaka kunsonga, kufuna imodzi yokha yamoyo. Sindinaipeze. Ndinakutumula chitenje, ndinatseka chitseko n'kumanganso waya uja.